Mafilimu a Anna Pavlova: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri amamudziwira Anna Pavlova m'kakanema kakafupi ka pa intaneti, kopanda utoto, koonetsa mayi wovala zoyera akuyandama pa nsonga za zala mpaka kugwa pang'onopang'ono. Akatha kuonera amakhala ndi mafunso, ndipo mafunsowo amakonda kufanana. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira apafupi kufikira okhudza kamera, liwiro la filimu ndi nsapato. Nkhani imene yayankhidwa kale pena sitikuibwereza, tikungokulozerani komweko.

Anna Pavlova anali ndani?

Anali wovina ballet wa ku Russia, wobadwira ku St Petersburg pa 12 Febuluwale 1881. Mabuku ena amalemba 31 Januwale, ndipo sakulakwitsa: nthawi imeneyo dziko la Russia linkatsata kalendala yakale, imene inali m'mbuyo ndi masiku 12. Mayi ake, a Lyubov, ankapeza chakudya pochapa zovala za anthu. Anna ali mwana anamutengera ku Mariinsky Theatre, nyumba ya zisudzo ya mumzindawo, kukaonera sewero la ballet lotchedwa The Sleeping Beauty, ndipo kuchokera pamenepo sanafunenso ntchito ina. Sukulu ya ballet ya mfumu inayamba yamubweza chifukwa cha kuchepa msinkhu, n'kudzamulandira mu 1891 ali ndi zaka 10. Anamaliza maphunziro mu 1899, nalowa gulu la Mariinsky, ndipo pofika 1906 anali prima ballerina, amene amapatsidwa mbali zikuluzikulu za masewero.

Chinamusiyanitsa ndi anzake ndi maulendo. Atavina ku Paris mu 1909 m'gulu la Sergei Diaghilev, ndi ku New York ndi London mu 1910, anayambitsa gulu lakelake. Mu 1912 anakhazikika ku London, koma zaka zotsatira anazithera m'sitima zapamtunda ndi zapamadzi, kukavina m'mizinda imene anthu ake anali asanaonepo ballet chibadwire. Anamwalira ku The Hague, m'dziko la Netherlands, pa 23 Januwale 1931, kutatsala masabata atatu kuti akwanitse zaka 50.

Nanga ballet ndi gule wotani?

Ndi gule wa pa siteji amene amafotokoza nkhani popanda kulankhula kapena kuimba pakamwa. Anayambira m'nyumba za mafumu ku Italy ndi France, nadzakhwimira ku Russia m'zaka za m'ma 1800. Mumamuzindikira ndi miyendo yotembenuzidwira kunja kuchokera m'chiuno, msana woongoka, ndiponso akazi oima pa nsonga za zala m'nsapato zapadera. Mayina a masitepe ake ndi a Chifalansa mpaka lero, ngakhale m'sukulu za ku Russia kapena ku Japan.

Ndi mafilimu ati amene alipo okhudza Pavlova?

Alipo amitundu itatu, ndipo chisokonezo chambiri chimabwera chifukwa chosakaniza mitunduyi.

Mtundu woyamba ndi umene Pavlova mwini wake akuoneka. Pano pali filimu imodzi yaitali ya sewero, The Dumb Girl of Portici ya 1916, ndi timakanema tifupitifupi ta magule ake tojambulidwa m'zaka za m'ma 1920. Tingapo mwa timeneti anatijambula mu 1924 pa situdiyo ya Douglas Fairbanks ku Hollywood. Mwa magule amene anatsala pa filimu muli The Dying Swan, The Fairy Doll, Californian Poppy ndi La Nuit. Palinso zidutswa zomuonetsa ali kunyumba kwake ndi mbalame zake.

Mtundu wachiwiri ndi mafilimu olumikiza zidutswa zimenezi iye atamwalira. Yoyamba ndi The Immortal Swan ya 1935, imene anaiyang'anira ndi Victor Dandré, bambo amene ankakhala naye ndi kuyendetsa gulu lake. Mapulogalamu ambiri a pa wailesi ya kanema onena za mbiri ya ballet amatapa m'zidutswa zomwezi.

Mtundu wachitatu ndi sewero la moyo wake, lochitidwa ndi anthu ena. Lodziwika ndi Anna Pavlova ya 1983, imene anaitsogolera Emil Loteanu wa ku Moldova.

Ndiyambire iti?

Yambirani The Dying Swan, kakanema ka mayi wovala zoyera kaja, chifukwa ndi yaifupi ndipo ndi Pavlova weniweni. Ioneni kawiri kapena katatu, mutawerenga mayankho a pansipa onena za liwiro ndi nyimbo. Kenako onerani filimu ya 1983 kuti mudziwe anthu ndi malo a m'moyo wake. The Dumb Girl of Portici muisiyire kumapeto, maso anu atazolowera mafilimu opanda mawu. Mukayambira ya 1983, nkhope ya wochita seweroyo imakhazikika m'mutu, ndiye mukadzaona mwini wake mumamuona ngati mlendo.

Amene akuvina mu filimu ya 1983 ndi Pavlova yemwe?

Ayi. Pamene ankaijambula n'kuti Pavlova atamwalira zaka zoposa 50 m'mbuyomo. Mbali yake anaitenga Galina Belyayeva, amene anaphunzira ballet ku Voronezh asanalowe m'mafilimu. James Fox wa ku Britain ndiye Victor Dandré, Sergey Shakurov ndi Michel Fokine, wopeka magule uja anagwira ntchito ndi Pavlova, ndipo Vsevolod Larionov ndi Diaghilev. Okonda mafilimu amadabwa kuona Martin Scorsese kwa kanthawi kochepa ali Giulio Gatti-Casazza, mkulu wa Metropolitan Opera, nyumba ya zisudzo zoimba ku New York. Nyimbo zoperekeza nkhani anapeka Eugen Doga.

Njira yachidule yosiyanitsira ndi iyi: kanema wa utoto weniweni, wa mawu omveka bwino, wokhala ndi kamera yozungulira wovina, si wa Pavlova. Pa intaneti pali zidutswa zambiri za filimu ya 1983 zolembedwa dzina lake lokha popanda kufotokoza kuti ndi sewero.

Kodi filimu ya 1983 ikunena zoona zokhazokha?

Msana wa nkhani ndi woona: ubwana wa umphawi ku St Petersburg, sukulu ya mfumu, wopeka magule Marius Petipa ali wokalamba, ubwenzi wa pantchito ndi Fokine, kusiyana ndi Diaghilev, nyumba ya ku London, maulendo, ndi imfa ya ku The Hague. Koma mawu amene anthu akulankhulana m'zipinda ndi opeka, zaka zingapo zimapanikizidwa m'chithunzi chimodzi, ndipo nkhani za chikondi zimapatsidwa malo aakulu kuposa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ichi ndicho timadandaula nacho kwambiri. Moyo wa Pavlova unali wa kalasi ya m'mawa uliwonse, kuyeserera, kusoka maliboni pa nsapato, kupakira katundu ndi kukwera sitima, ndipo zimenezi filimu imangozilambalala.

Nkhani ya Dandré muitenge mosamala. Anaimbidwa mlandu wosokoneza ndalama za mzinda ku St Petersburg, anatuluka pa belo, nathawira ku London kumene anakhala woyendetsa gulu la Pavlova. Iye atamwalira, Dandré analemba kuti anali mwamuna wake wa ukwati, koma chikalata cha ukwatiwo sichinaoneke. Popeza zambiri zimene dziko limadziwa za moyo wa m'nyumba wa Pavlova zinachokera kwa Dandré, kuphatikizapo The Immortal Swan, ndi bwino kukumbukira kuti mukumva mbali ya munthu mmodzi.

Bwanji filimu yomweyi ya 1983 pena ndi yaitali, pena yaifupi?

Inapangidwa mogwirizana ndi makampani a mayiko angapo, kuphatikizapo Soviet Union ndi Britain, ndipo aliyense anaikonzera msika wake. Ya m'Chirasha yoonetsa m'nyumba za kanema imapitirira pang'ono maola awiri ndi theka. Ya m'Chingelezi ndi yofupikitsidwa, ndipo imadziwikanso ndi dzina loti Pavlova: A Woman for All Time. Wotsogolera mafilimu Michael Powell anathandiza nawo ku mbali ya Britain. Palinso ya pa wailesi ya kanema ya zigawo zisanu, imene ili ndi zambiri zimene zinadulidwa m'zinazo. Ngati mukufuna kuvina kochuluka, funani yaitali yokhala ndi mawu a Chingelezi olembedwa m'munsi.

The Dumb Girl of Portici ikukamba za moyo wake?

Ayi, ndi sewero limene Pavlova akuchita mbali ya munthu wina. Nkhaniyo inachokera ku opera (sewero loimba) ya Daniel Auber ya 1828, yonena za kuukira kwa anthu a ku Naples polimbana ndi ulamuliro wa Spain mu 1647. Pavlova ndi Fenella, mtsikana wosalankhula, mlongo wake wa msodzi Masaniello. Mwana wa bwanamkubwa amunyenga n'kumutaya, amutsekera m'ndende, ndipo mkwiyo wa mlongo wake uyatsa moto wa kuukirako. Mu opera imeneyi mbali ya Fenella imaperekedwa kwa wovina chifukwa ilibe mawu oimba, ndiye inali yomuyenera Pavlova pa filimu yopanda mawu.

Anaitsogolera ndi Lois Weber pamodzi ndi mwamuna wake Phillips Smalley, pa kampani ya Universal. Weber anali mmodzi mwa otsogolera mafilimu olemekezeka ku America pa nthawiyo, zimene ambiri lero sadziwa. Kujambula kunayambira ku Chicago mu 1915, kumene Pavlova ankavina pa nthawiyo, n'kukamalizira ku California.

Amene amaionera pofuna ballet amakhumudwa, chifukwa kuvina kwa pa nsonga za zala kuli kochepa, kumayambiriro ndi kumapeto. Koma pa zonse zimene zinatsala, iyi ndiyo imakupatsani nthawi yaitali yoyang'ana nkhope ndi thupi lake. Onani mmene amathamangira pa mchenga, mmene amagwirira zitsulo za ndende, mmene mantha amayambira m'mapewa asanafike pa nkhope. Poyamba machitidwe ake amaoneka opyola muyeso, chifukwa anazolowera kuonetsera munthu wokhala mpando wakumbuyo kwenikweni m'nyumba ya zisudzo. Pakatha mphindi makumi awiri diso limazolowera, ndipo mumayamba kumvetsa chifukwa chimene anthu a nthawi yake ankanenera kuti luso lake lalikulu linali kusandulika munthu wina.

The Dying Swan ndi Swan Lake n'chimodzi?

N'zosiyana kotheratu. Swan Lake ndi sewero lathunthu la madzulo onse, la nyimbo za Tchaikovsky, loonetsedwa koyamba mu 1877 ndi kukonzedwanso ndi Petipa ndi Lev Ivanov mu 1895. Limafuna ovina ambirimbiri. The Dying Swan ndi gule wa munthu mmodzi wa mphindi zochepa, amene Fokine anapekera Pavlova. Nyimbo yake ndi ya Camille Saint-Saëns, kachigawo ka The Carnival of the Animals ya 1886, koimbidwa ndi cello (choimbira cha zingwe chonga vayolini yaikulu) mothandizidwa ndi piyano. Chofanana n'chakuti zonse zikukamba za swan, mbalame yaikulu ya m'madzi ya khosi lalitali, yapachibale ndi tsekwe.

Filimu ya Black Swan ya 2010 nayonso si ya Pavlova. Ndi nkhani yopeka ya wovina amene akukonzekera Swan Lake ku New York.

Ndiyang'ane chiyani poonera The Dying Swan?

Mapazi akuchita pafupifupi chinthu chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: timasitepe ting'onoting'ono tofulumira pa nsonga za zala, miyendo ili pafupi, totchedwa pas de bourrée. Tikachitidwa bwino, mutu sudumphadumpha ndipo wovina amaoneka ngati akutengedwa ndi madzi. Mulibe kudumpha kwakukulu, mulibe kuzungulira kambirimbiri. Fokine ananena kuti guleyu anamupeka m'kanthawi kochepa, iye akuvina patsogolo Pavlova akutsatira pambuyo, ndipo cholinga chake chinali kusonyeza kuti gule angakhudze mtima popanda zodabwitsa za miyendo.

Choncho maso anu akhale kumtunda. Mkono wa Pavlova umayambira kuyenda pa msana, kudzera paphewa ndi pachigongono, zala n'kumalizira. Mikono iwiriyo siyenda mofanana nthawi zonse: wina umakwera pamene wina walefuka, monga phiko lothyoka. Khosi limagwera kumbuyo, kenako kutsogolo. Pali nthawi imene amagwada, n'kudzukanso, ngati mphamvu zabwerera, koma kudzuka kulikonse kumakhala kofooka kuposa koyamba. Pomaliza amakhala pansi, mwendo umodzi utapindidwa, wina utatambasulidwa kutsogolo, thupi n'kugwera pa mwendo wotambasukawo, manja atapingasa pamwamba pake.

Chimene chimadabwitsa ozolowera ovina a lero ndi kusakhazikika kwake. Mbalame ya Pavlova ili ndi mantha, imaphupha, siikufa mokongola ayi. Kuti muone kusiyana, onerani ovina ena a ku Russia akuvina gule yemweyu: Galina Ulanova, amene anajambulidwa ku Britain mu 1956 pa filimu ya utoto ndi mawu, komanso Maya Plisetskaya, amene mikono yake imayenda ngati mulibe mafupa. Masitepe a atatuwa safanana ndendende, chifukwa aliyense ankamuumba guleyu molingana ndi thupi lake.

N'chifukwa chiyani m'makanema ena akuoneka ngati akuthamanga kapena kunjenjemera?

Vuto ndi liwiro loonetsera, osati miyendo yake. Filimu ndi zithunzi zoima zambirimbiri zodutsa mofulumira. Pa nthawi ya mafilimu opanda mawu, wojambula ankapukusa kamera ndi dzanja, ndipo nthawi zambiri ankajambula zithunzi zapakati pa 16 ndi 20 pa sekondi. Mafilimu a mawu atabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, liwiro linakhazikitsidwa pa zithunzi 24 pa sekondi. Mukatenga filimu yojambulidwa pa 18 n'kuionetsa pa 24, zonse zimafulumira ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Yojambulidwa pa 16 imafulumira ndi theka lathunthu. Mpukutu umodzi wa filimu wa mamita pafupifupi 300 umatha mphindi 16 pa liwiro lakale, koma mphindi 11 zokha pa liwiro latsopano.

Pa munthu woyenda mumsewu kufulumira kotere kumangoseketsa. Pa gule kumaononga zonse, chifukwa kupuma pang'ono pakati pa masitepe, kumene kuli moyo wa guleyo, kumasowa. Timasitepe ta pas de bourrée, tofulumira kale, timasanduka kunjenjemera.

Mungathe kukonza pang'ono nokha. Pa YouTube kapena pa VLC tsitsani liwiro kufika pa 0.75, zimene zimabweza 24 kukhala 18. Kuti mudziwe ngati kanemayo akufunika kutero, musayang'ane mapazi, yang'anani nsalu kapena nthenga zikamagwa, ndi mmene thupi likutsikira pansi. Chinthu chogwa chili ndi liwiro limene diso limalidziwa. Chikagwa mothamanga kuposa mmene chingagwere m'chipinda mwanu, kanemayo wafulumizidwa. Si onse amene ali ndi vutoli. Makope okonzedwa ndi malo osungira mafilimu amakhala atabwezedwa kale pa liwiro loyenera, ndipo mukawatsitsanso mumawaononga.

Vuto lina ndi kutambasula chithunzi. Mafilimu amenewa anajambulidwa pa muyeso wa 4:3. Wina akawakoka kuti adzaze sikirini ya 16:9, wovina amaoneka wamfupi ndi wonenepa. Akawadula pamwamba ndi pansi, mapazi kapena manja amasowa. Kope labwino limakhala ndi mizere yakuda kumanzere ndi kumanja.

Nyimbo imene ikumveka ndi yomwe ankavinira pojambula?

Ayi. Makamera amene anajambula magule amenewa sankatenga mawu, choncho nyimbo iliyonse imene mukumva inaikidwa pambuyo pake, ina mu 1935, ina ndi munthu wa pa kompyuta yake posachedwapa. Nthawi zambiri amangotenga nyimbo ya Saint-Saëns imene ali nayo n'kuigoneka pamwamba, osasamala ngati mkono ukukwera pamene cello ikukwera. Zikatero Pavlova amaoneka ngati sakumva nyimbo, pamene oimba amene anagwira naye ntchito ankadziwa kuti pa nkhani ya liwiro la nyimbo sankanyengerera. Musamuweruze pa zimenezi. Onerani kamodzi mutatseka mawu, makamaka ngati mwatsitsa liwiro, chifukwa nyimbo nayo imakokeka.

Ndaona kanema wa The Dying Swan wolembedwa 1905, wina 1907. Zoona ndi ziti?

Zaka zimenezo ndi za kupekedwa kwa gule, osati za kanema. Mabuku akale amati Fokine anamupeka mu 1905, pamene ofufuza ambiri amaloza ku Disembala 1907. Kanema amene amafala pa intaneti ndi wa m'zaka za m'ma 1920, Pavlova ali ndi zaka zopitirira 40, atamuvina guleyu kwa zaka zambiri.

Samalaninso ndi filimu ya ku Russia ya 1917 ya dzina lomweli, imene anaitsogolera Yevgeni Bauer. Wovina mmenemo ndi Vera Karalli.

Ovina a lero amakweza mwendo mpaka kukhutu. Kodi Pavlova analidi katswiri?

Funsoli ndi lomveka, ndipo yankho loona n'lakuti ngakhale pa nthawi yake Pavlova sanali wamphamvu kuposa onse. Pamene ankaphunzira, ovina a ku Italy monga Pierina Legnani, wa kuzungulira ka 32 pa mwendo umodzi, ndiwo anali muyeso. Pavlova anali woonda, wa akakolo ofooka, ndipo miyendo yake sinkatembenukira kunja mokwanira. Mphunzitsi wake Pavel Gerdt anamulangiza kuti asalimbane ndi zimene thupi lake silinapangidwire, ndipo pambuyo pake anadzilimbitsa pophunzira payekha kwa Enrico Cecchetti.

Komanso kukweza mwendo kwambiri sikunali kofunika pa nthawiyo. Kunkaonedwa ngati kosayenera pa siteji ya mfumu. Ukatswiri wake unali kupepuka, kufulumira kwa mapazi, ndi kukhulupiritsa woonera. Mu Californian Poppy amavala zonga masamba a duwa, n'kuwatseka limodzilimodzi pamwamba pake monga duwalo limachitira dzuwa likalowa. Pofotokoza zimaoneka zachibwana, koma anthu ankatuluka m'nyumba ya zisudzo atasinthika. Frederick Ashton anamuona ku Lima, m'dziko la Peru, mu 1917 ali mnyamata, natsimikiza pomwepo zokhala wovina, ndipo anadzakhala mpeki wamkulu wa ballet ku Britain. Umboni wotere ndi wochuluka, ndipo uyenera kuikidwa pambali pa mphindi zochepa za filimu zimene zinatsala.

M'nsapato zimenezo muli thabwa kapena chitsulo?

Mulibe. Kutsogolo kwa nsapato kuli kabokosi kopangidwa ndi nsalu ndi mapepala zosanjikizana, zoumitsidwa ndi guluu. Pansi pa phazi pali chikopa kapena katoni yolimba yochirikiza phazi likaima. Kunja amakuta ndi nsalu yosalala, ndipo maliboni wovina amasoka yekha. Thukuta ndi kutentha zimafewetsa guluu, choncho wovina wa mbali zikuluzikulu angathe kumaliza peyala imodzi pa sewero limodzi.

Pa nthawi ya Pavlova nsapato zinali zofewa ndi zosongoka kuposa za lero. Popeza phazi lake linali lopindika kwambiri pakati, kulemera konse kunkagwera pa chala chachikulu. Iye ankaika chikopa cholimba pansi ndi kuphwatalitsa nsonga kuti apeze poimira. Ena ankati uku n'kubera, n'chifukwa chake pa zithunzi zake zambiri ojambula ankakonza nsonga ya nsapato kuti ioneke yosongoka ngati singano. Pa filimu kukonza kotere kunali kosatheka, ndiye kanema amakuonetsani phazi loona kuposa chithunzi cha pa khadi. Nsapato za lero zinatsata njira yakeyo.

Mwana wanga waonera ndipo akufuna kuima pa zala. Ndimulole?

Musamulole kuyesera yekha, kaya opanda nsapato kaya ndi nsapato zogula pa kaunjika. Mafupa a phazi la mwana amakhala asanakhwime, ndipo kuwasenzetsa thupi lonse pa nsonga kungawapotoze kapena kuvulaza akakolo. Aphunzitsi odziwa ntchito sayambitsa mwana kuima pa nsonga asanafike zaka 11 kapena 12, ndiponso asanaphunzire ballet kwa zaka zingapo m'nsapato zofewa. Nsapato yake imayezedwa pa phazi la mwini wake ndi munthu wodziwa. Pakadali pano angathe kutsanzira mikono ndi khosi atayimirira bwinobwino pansi, ndipo mu The Dying Swan mbali yovuta kwenikweni ndi imeneyo.

Makanema opakidwa utoto ndi kompyuta ndi abwino?

Amakopa maso, koma si oti muphunzirirepo. Utoto wake ndi wongoganizira. Choipa kwambiri ndi chakuti mapulogalamu amene amasalaza kanema kufika pa zithunzi 60 pa sekondi amapeka zithunzi zapakati zimene kamera sinajambule. Pamene mapazi akusinthana mofulumira, pulogalamu imasokonezeka, mapazi awiri n'kusungunukira pamodzi kapena kuoneka atatu. Nkhope nayo imasalazidwa mpaka kusiya kufanana ndi mwini wake. Kope lakuda ndi loyera, ngakhale lili ndi mizere ndi madontho, limanena zoona.

Dziwaninso kuti filimu ya nthawi imeneyo sinkaona mitundu mofanana ndi diso. Chofiira chinkatuluka chakuda, chabuluu chinkatuluka chotuwa, ndipo chovala choyera pansi pa nyali zamphamvu chinkangowala osaonetsa nthenga. N'chifukwa chake milomo imaoneka yakuda kwambiri.

Bwanji zinatsala zochepa chotere kwa munthu wotchuka choncho?

Zifukwa ndi zitatu. Ovina ambiri a nthawiyo sankaikhulupirira kamera, poona mmene inkaonongera liwiro ndi kuchotsa nyimbo. Diaghilev ankakaniza kujambula gulu lake, ndipo Vaslav Nijinsky, amene anavinapo ndi Pavlova, sanasiye filimu ngakhale imodzi yomuonetsa akuvina. Poyerekeza ndi iye, Pavlova tili naye mwayi. Chachiwiri, nyali za m'nyumba za zisudzo zinali zosakwanira kujambulira, choncho masewero ake athunthu monga Giselle sanajambulidwe pa siteji anthu akuonera. Chachitatu ndi filimu yeniyeniyo. Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 inkapangidwa ndi nitrate, imene imayaka moto wosazimitsika ndi madzi, ndipo ikakalamba imamata, n'kusanduka ufa. Mafilimu ambiri opanda mawu anatha motero.

The Dumb Girl of Portici inapulumuka chifukwa makope ake anasungidwa ku British Film Institute ndi ku New York Public Library. Akatswiri a Library of Congress anawaphatikiza, ndipo kampani ya Milestone inaitulutsa pa DVD ndi Blu-ray mu 2018, ndi nyimbo zatsopano za John Sweeney. Ngati mungathe kusankha, funani kope limenelo.

Anamwalira bwanji? Zimene mafilimu amaonetsa n'zoona?

Anazizidwa pa ulendo wa sitima ku France m'nyengo yachisanu, nafika ku The Hague, kumene ankayenera kuyamba maulendo atsopano, ali wodwala kale. Matendawo anakula n'kukhala chibayo chokhudza nembanemba yokuta mapapo, ndipo mu 1931 mankhwala monga penicillin anali asanafike m'zipatala. Anamwalirira mu Hotel Des Indes. Nkhani yoti mawu ake omaliza anali opempha chovala chake cha swan inachokera kwa amene anali naye pafupi, ndipo olemba mafilimu amaikonda pa zifukwa zoonekeratu. Thupi lake linatenthedwa ku Golders Green ku London, kumene phulusa lake lili mpaka lero.

Anafikako ku Africa?

Inde. Anavina ku Egypt, ndipo kumapeto kwa 1925 ndi kumayambiriro kwa 1926 anali ku South Africa, kumene anaonekera ku Cape Town ndi Johannesburg, asanapitirire ku Australia ndi New Zealand. Kumayiko awiri omalizawa ndi kumene kunachokera keke ya mazira ndi zipatso yotchedwa pavlova, imene mpaka lero amakanganirana kuti anayamba ndani.

Kumene wafika ankaphunzira magule a eni dziko. Ku Mexico mu 1919 anavina jarabe tapatío pa nsonga za zala, ndipo mu 1923 anagwira ntchito ndi Uday Shankar wa ku India pa gule wa Radha ndi Krishna.

Ndili ku Britain. Pali malo okhudza Pavlova amene ndingakaone?

Ivy House, nyumba yake ya ku Golders Green imene ili m'zidutswa zina za kanema, ikadalipo, koma mungaione kunja kokha. Kumeneko ndi kumene ankaweta mbalame za swan padziwe la m'munda, kuphatikizapo yodziwika dzina lake Jack. Malo osungira phulusa lake ali chapafupi pomwepo. Pamwamba pa Victoria Palace Theatre pali chifanizo chake chopakidwa golide, chimene chinaikidwa mu 2006 m'malo mwa chakale chimene chinasowa pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Ndikufuna kuonetsa mafilimuwa kwa ophunzira kapena gulu la zisudzo. Ndikonze bwanji?

Musaonetse filimu yaitali yonse tsiku loyamba. Tsitsiranitu makanema pa kompyuta kuti intaneti isakudukireni pakati, ndipo muwayese nokha liwiro ndi muyeso wa chithunzi monga tafotokozera pamwambapa. Chipinda chikhale chamdima ndithu, chifukwa chovala choyera pa filimu yakale chimasowa msanga pakhoma lowala.

Yambani ndi nyimbo ya Saint-Saëns yokha, anthu atangokhala, kuti ilowe m'makutu. Kenako onetsani Pavlova mutatseka mawu, ndipo muwapemphe ayang'ane mikono yokha. Mubwereze, tsopano ayang'ane mapazi. Pambuyo pake onetsani Ulanova kapena Plisetskaya ndi mawu, kuti anene okha kusiyana kumene aona. Kwa a zisudzo, onjezani chigawo cha m'ndende cha The Dumb Girl of Portici, muimitse mawu olembedwa asanatuluke, n'kuwafunsa chimene Fenella akunena ndi thupi lake. Zonsezi zimakwana mu ola limodzi. Filimu ya 1983 ili ndi nkhani za akuluakulu ndipo ndi yaitali, choncho kwa ana a pulayimale sankhani zigawo za ubwana wake ndi za ku sukulu ya ballet zokha.